Belu limene Ozias Tarbell analetsedwa kuliza

Ku Ashcombe kunalibe munthu amene ankamutcha Bambo Tarbell. Akulu ndi ana omwe ankangoti Ozias, ngati akuitana mwana woti amutume, chonsecho munthuyo anali ndi imvi ndipo anali atakwirira makolo a theka la tauniyo. Ntchito yake inali ya kutchalitchi: kusesa, kukoleza moto m'mbaula nyengo yachisanu, kukumba manda ndi kuliza belu. Anaigwira zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Inamuthera m'mawa wina wa mu Julaye, chaka cha 1847, chifukwa cha munthu amene ankatsutsana naye pa chilichonse chokhudza Mulungu.

Makolo ake sanawadziwe. Anakulira m'mafamu a eni, chaka chino kuno, chaka chamawa uko, kulikonse kumene akuluakulu a tauni amuponyera, ndipo sukulu ankangoionera pamwamba pa ngolo ya manyowa. Atapeza ntchito ya kutchalitchi anakwatira Tirzah, mtsikana wantchito wa kunyumba ya abusa, wokonda kuseka kwambiri. Anakhala naye zaka ziwiri zokha. Tirzah anamwalira pobereka, khanda nalo linatsatira tsiku lomwelo, ndipo Ozias anawakumbira yekha manda popeza wokumba wina kunalibe. Alongo ake a Tirzah anaikapo chiliza cha mwala wakuda chokhala ndi mizere isanu ya malemba. Ozias sankadziwa ndi chilembo chimodzi chomwe, ndipo manyazi sanamulole kufunsa kuti alembapo zotani. Anangoyamba kumwa mowa wa ramu, ndipo sankamwa mwamasewera.

Amene anamupeza tsiku lina masana akusisita malembawo ndi chala anali mphunzitsi wa sukulu ya patauni, a Elbridge Nutting, munthu wamtali, wowonda, woyenda ngati akufunafuna kanthu kamene wagwetsa. Wina aliyense akanangomuwerengera n'kumapita. Iwo anagwada pambali pake, namugwira chala, nachiika pa chilembo choyamba.

"Ichi ndi T, Bambo Tarbell. Mawa tidzaona chinacho."

Aka kanali koyamba kuti munthu amutche bambo, moti Ozias anacheuka kuti aone ngati kumbuyo kwaima wina. Anaphunzira pa ziliza nyengo yonse yotentha, chifukwa malemba a pamenepo ndi aakulu ndipo sathawa. Masamba asanayoyoke anawerenga yekha mizere yonse isanu ya Tirzah, ndipo chaka chinacho anali akulimbana ndi Masalimo. Mowa sanausiye tsiku limodzi, koma unayamba kuchepa, chifukwa munthu woledzera amaona mizere iwiri pamene pali umodzi. Mpaka kufa kwake, akatsegula Baibulo ankayamba wathokoza Mulungu, kenako a Nutting, ndipo nthawi zina ankawasinthanitsa.

Pa ntchito zake zonse, imene ankainyadira inali ya belu la maliro. Munthu akamwalira, wachibale ankabwera kwa Ozias dzuwa likutuluka kudzamuuza dzina ndi zaka. Mwamuna ankamulizira katatu, kupuma, katatu, kupuma, katatunso. Mkazi ankamulizira katatu kawiri, mwana katatu basi. Kenako ankaliza kamodzi pa chaka chilichonse chimene malemuyo anakhala ndi moyo, pang'onopang'ono, kudikira kuti kulira koyamba kuzimiririke asanakokenso chingwe. Ashcombe yense ankaima n'kumawerenga: wolima ankaimitsa ng'ombe, wokama ankasiya mkaka, ndipo pofika kumapeto aliyense ankakhala atadziwa kuti ndi ndani, pakuti tauniyo inali yaing'ono ndipo odwala ake ankadziwika. Apo amayi ankanyamula mkate ndi nyemba, abambo n'kutsuka m'manja, onse kulunjika kunyumba ya maliro. Belu likapanda kulira palibe ankapita. Kufika pakhomo pa wodwala belu lisanakuitane kunali ngati kukasuzumira ngati munthuyo watha kale.

Cha m'ma 1838 a Nutting anayamba kupita ku Boston kukamvera anthu ena olankhula m'maholo, ndipo ankabwerako ndi timabuku m'matumba a jekete. Ophunzira ankatcha chiphunzitsocho transendentalizimu, dzina limene Ozias sanayese n'komwe kulitchula. Ife tinkangoti Zatsopano. A Zatsopanowo ankati munthu aliyense ali ndi kuwala kwa Mulungu m'kati mwake, kotero safunika m'busa kapena buku lomuuza chabwino ndi choipa, angokhala chete n'kumvera. Ankati Mulungu amapezeka msanga m'nkhalango ndi mumtsinje kusiyana ndi m'nyumba ya matabwa yopaka laimu. Ankatinso munthu sabadwa wovunda monga amatiphunzitsira katekisimu, koma amavunda chifukwa chotsanzira anzake. A Nutting sanali munthu wokhulupirira chinthu mobisa. Analembera kalata mlembi wa mpingo kuti afafanize dzina lawo, ndipo Lamulungu ankakwera m'phiri la mitengo ya mapaini pamene ife tikuimba.

Tisanamizane, anthu akwathu timakonda Mulungu, koma timakondanso kuwerenga mitu Lamulungu kuti tidziwe amene sanabwere. Pasanathe chaka, makolo anakana kuti ana awo aziphunzitsidwa ndi munthu wopemphera kumitengo. Sukulu anawalanda. Anayamba kulima anyezi pa kamunda kawo ka kumalire a tauni, ndipo anthu anasiya kupita kwawo. Akazi awo, Mayi Philena Nutting, sanasiye tchalitchi. Ankabwera sabata iliyonse, n'kukhala okha pa benchi lokwana anthu asanu ndi mmodzi. Ana analibe.

Ozias yekha ndiye sanawathawe, ndipo sanagwirizane nawo. Akamakumba manda, a Nutting ankabwera kudzakhala pa mpanda wa miyala, miyendo ili lendelende, mkangano n'kuyambika.

"Ameneyo mumukumbire bwino, Bambo Tarbell. Anali wokonda kudandaula."

"Aphunzitsi, inu zanu zija za kumvera mtima ndaziganizira. Mtima wanga ine ndimaudziwa bwino. Ukayankhula umati, 'Ozias, kapu imodzi yokha.' Umenewo ndiwo ndiziumvera?"

"Nanga umene unkakudzutsani m'mawa uliwonse kukaliza belu, mutu ukuwawa, unali mtima wa ndani?"

"Umenewo unali wa a Hapgood. Akanandichotsa ntchito."

A Hapgood amenewa, a Asahel Hapgood, anali mkulu wa mpingo ndiponso mwini sitolo ya zitsulo, munthu wosaseka ndi wosanama, amene ankasunga malamulo a mpingo ngati misomali ya m'sitolo mwake, uliwonse m'bokosi lake. A Nutting anaseka mpaka kutsokomola, ndipo nkhaniyo sinathere pomwepo. Inatenga zaka zisanu ndi zinayi.

Ozias sankatsutsa chifukwa cha liuma chabe. Zimene wamva masana ankapita nazo kunyumba n'kumazitembenuza akudya. Zoti chilengedwe ndi chokoma chokhachokha sanazivomere. Ankati aphunzitsi amachionera pamwamba, pomwe pali maluwa, pamene iye amachiona pansi pa dzenje, ndipo anali atakwirira makanda ambiri mwakuti sakanatha kunena kuti zonse zili bwino. Zoti munthu angakhale wolungama payekha anazikananso, chifukwa iye payekha anali atayesapo ndipo anathera m'ngalande. Koma panali chimodzi chimene chinamulowa ngakhale sanachivomere pakamwa. A Nutting ankanena kuti kuwala kumene kuli mwa abusa ndi komweko kuli mwa wokumba manda, kosachepa ndi pang'ono pomwe. Kuyambira pamenepo Ozias anasiya kumvera ulaliki atakhala pa makwerero a kunsanja ya belu, nayamba kukhala pa benchi ngati munthu. Tsiku lina anafunsa abusa chifukwa chimene anadumphira mavesi awiri, abusawo n'kusowa poyang'ana.

Kamodzi kokha anayesa njira ya aphunzitsi. Lamulungu lina, mapemphero a masana atatha, anakwera m'phiri la mapaini nakhala pa chipika kuti amvere za m'katizo. Poyamba anamva udzudzu. Kenako anamva m'mimba mwake. Atatsala pang'ono kunyamuka, anakumbukira mmene Tirzah ankasekera akapsereza mkate, ndipo kwa nthawi yoyamba chimwalirireni mkaziyo anamukumbukira popanda ukali. Anakhala pamenepo mpaka miyendo inachita dzanzi. Atawauza a Nutting, iwo anasangalala ngati apambana mlandu, koma Ozias anawadula msanga. Anati mapaini ndi a Mulungu, sakukana, koma mphatso imeneyo anaipempha m'tchalitchi zaka makumi awiri, ndiye ngati yakamupezera kuphiri ndi nkhani ya wotumizayo. A Nutting anati zimenezo ndi zomwezo akunena iwo. Ozias anati sizomwezo ayi, ndipo aliyense anapita kwawo wokhutira.

Chifuwa chachikulu chinawagwira a Nutting m'nyengo yachisanu ya 1846. Pofika mu Juni wa chaka chotsatira anali osatha kufika kumpanda kuja, ndipo Ozias ndiye ankapita kwawo kukawapalirira anyezi ndi kukangana nawo pang'ono kuti asafooke. Tauni itaona kuti munthuyo sachira, akulu a mpingo anakumana, ndipo a Hapgood anabwera kumanda kudzamuuza Ozias zimene agwirizana. Belu ndi la mpingo, ndipo limalira pa anthu a mpingo. Amene anafafaniza yekha dzina lake asalizidwire. Ozias akapanda kumvera, kiyi wa tchalitchi apereke tsiku lomwelo. A Hapgood sananene mwankhanza, anangonena monga mmene amatchulira kulemera kwa chitsulo.

Ozias sanafune kuti odwalawo amve, koma mu Ashcombe nkhani sinkasowa miyendo. A Nutting anamuitana pafupi ndi bedi, akumwetulira.

"Ndamva za belu. Musadzataye ntchito chifukwa cha ine, Bambo Tarbell. Akuluwo akunena zoona, ndinatuluka ndekha. Ndipo kumene ndikupita sikufunika kugogoda."

Motero nkhaniyo inaoneka yosavuta. Mpingo sukufuna belu, mwiniwake wa maliro sakulifuna. Ozias anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi, analibe munda, analibe mwana, ndipo kanyumba kamene ankagonamo kanali ka mpingo. Anapumira m'mwamba, nachita manyazi kuti wapumira m'mwamba.

A Nutting anamwalira mu sabata yomweta udzu wa ziweto, pamene tauni yonse imakhala kumadambo. Dzuwa likutuluka, Ozias anamva kugogoda. Anali Mayi Nutting, atavala zakuda, mpendero wa diresi utanyowa ndi mame. Anali atayenda okha mtunda wonse wochokera kumalire, popeza analibe womutuma. Sanalire. Anati amuna awo apita mbandakucha, awasambitsa okha ndi kuwaveka, ndipo angobwera kudzapempha manda, pafupi ndi mpanda ngati malo alipo.

"Za belu ndikudziwa, Bambo Tarbell, musavutike. Kungoti miyendo yandibweretsa yokha. Amayi atamwalira ndinabwera kuno, abambo atamwalira ndinabwera kuno." Kenako anati, "Zaka makumi asanu ndi zitatu. Ndangonena poti timanena."

Atatero anatembenuka. Ozias anaima pakhomo n'kumawayang'ana akutsika mumsewu, okhaokha, kubwerera kunyumba kumene kunali mtembo ndi mipando yopanda anthu. Anadziwa mmene tsikulo liyendere. Mayiwo adzakhala pambali pa bedi mpaka madzulo, palibe adzagogode, chifukwa palibe waitanidwa. Mayi amene sanajombepo ku tchalitchi zaka makumi atatu adzasowa ndi womuwiritsira madzi.

Apa ndi pamene anaziyeza zonse komaliza, ataimirira, nsapato imodzi ili kuphazi. Anayesa kumvera m'kati monga ankanenera aphunzitsi, ndipo anamva bwinobwino mawu akuti akhale pansi, asunge kanyumba kake. Anaganiza za akulu a mpingo, amene anawamvera moyo wake wonse ndipo sanali anthu oipa. Onse awiri, aphunzitsi ndi akulu, ankaganiza kuti belu ndi la wakufa, loti limuchitire umboni kuti anali wolungama. Koma Ozias anali atakoka chingwecho zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo sanaonepo wakufa akulimva. Mapaini a aphunzitsi sakanatsika m'phiri kudzanyamula bokosi, ndipo lamulo la akulu silikanakhala ndi mayiyo kukhitchini. Anavala nsapato inayo, natenga kiyi.

Katatu, kupuma. Katatu, kupuma. Katatunso. M'madambo zikwakwa zinaima. Kenako anayamba zaka, pang'onopang'ono monga mwa nthawi zonse, ngakhale mtima unkafuna kuthamanga. Ali cha pa makumi awiri anamva chitseko chikutseguka kumbuyo kwake, ndipo sanafunike kucheuka kuti adziwe kuti ndi a Hapgood. Anali atathamanga kuchokera kusitolo, wopanda chipewa, ali wefuwefu. Koma belu la maliro silidulidwa pakati, chimenecho ngakhale a Hapgood sakanachita, chifukwa anthu akanawerenga zaka zolakwika n'kuthamangira kunyumba ya wamoyo. Anangoima pamenepo, manja kumbuyo, n'kumadikira.

Ozias anapitiriza. Chaka chilichonse chinkabwera ndi zake: ichi ndi chimene anandigwira chala, ichi ndi chimene anawalanda sukulu, ichi ndi cha kuphiri. Cha kumapeto maso sankaonanso chingwe. Anakoka komaliza, nasiya chingwe, napukuta nkhope ndi mkono wa malaya. Kenako anatulutsa kiyi m'thumba nawalozetsa.

A Hapgood sanamulandire.

"Ndiye mwalowa Zatsopano, Ozias? Mwamvera kuwala kwa m'kati?"

"Ayi, bambo. Kwa m'katiko kumati ndikhale pansi. Ine ndikukhulupirira zomwe zija ndakhala ndikukhulupirira, ndipo aphunzitsi analakwitsa zambiri, ndinawauza ali moyo. Koma Mayi Nutting ndi athu, ndipo ali okha."

A Hapgood anayang'ana chingwe chimene chinali chikugwedezekabe.

"Mwaliza zaka makumi asanu ndi ziwiri," anatero. "Elbridge anali ndi zaka makumi asanu ndi zitatu. Tinabadwa mwezi umodzi, tinabatizidwa tsiku limodzi. Malizani."

Ozias anagwira chingwe nakoka kamodzi. Kulirako kutazimiririka, a Hapgood anatambasula dzanja, natenga kiyi, nati manda akumbebe popeza palibe wina wodziwa, ndipo anatuluka.

Kiyiyo sanamubwezere. A Hapgood sanali munthu wobweza mawu, ndipo kanyumba kaja Ozias anatulukamo mwezi usanathe. Zaka zisanu ndi zinayi zimene zinamutsalira anakhala m'kachipinda ka pamwamba pa khola la a Nutting, akulima anyezi, n'kumadya nyemba ndi nyama ya nkhumba yamchere patebulo la Mayi Nutting. Lamulungu lililonse ankapita ku tchalitchi, n'kumamvera wina akuliza belu lake mothamanga ngati kwabuka moto, ndipo zimenezi zinkamuwawa, sankabisa. Koma wodandaula sanali. Ankati iye ndi munthu wamwayi: anapatsidwa mkazi woseka, mpingo womugwira pamene ankagwa, ndi bwenzi lomutsutsa zaka zisanu ndi zinayi popanda kumunyoza tsiku ndi limodzi. Mukamufunsa ngati aphunzitsi ali kumwamba, ankati iye ntchito yake inali yokumba pansi, za kumwamba zili ndi mwini wake.

Za m'mawa uja, chimene ankakonda kusimba ndi zimene anapeza atafika kumalire ndi ndodo yake yoyezera. Pabwalo panali ngolo zinayi, zina udzu uli momwemo. Abambo anali ataima m'mbali mwa munda wa anyezi, zipewa m'manja, akukambirana za matabwa a bokosi. M'khitchini munali amayi amene sanapondemo zaka zisanu ndi zinayi, wina akukoleza moto, wina akufunsa kumene kumakhala makapu, onse ali ndi manyazi ndipo akuwabisa ndi ntchito. Mayi Nutting anatuluka namupeza pakhonde. Nkhope yawo inali youma monga m'mawa muja.

"Ndinali pamlatho pamene linayamba," anatero. "Ndinakhala pansi pomwepo n'kuwerenga onse. Lomaliza linachedwa, Bambo Tarbell. Ndimayesa mwawachotsera chaka."

"Ndinasokoneza, mayi. Lomalizalo ndi la a Hapgood. Ndiwo anandiuza kuti ndimalize."

Mayi Nutting anamuyang'ana ngati sanamve. Kenako anagwira mzati wa khonde, nakhala pansi pa sitepe, nayamba kulira, ndipo amayi a m'khitchini anasiya makapu natuluka kudzawagwira.